Asisi, chokoleti chanucho chalowa madzi

Asisi, chokoleti chanucho chalowa madzi, palibenso china. Mukamanena kuti popanga chokoleti chothyolathyola chimasungunuka bwinobwino kenako mwadzidzidzi chinalimba n'kuchita mibulumibulu, supuni osayendanso, ndiye kuti penapake dontho linagweramo. Kaya ndi nthunzi yochokera mupoto wa pansi, kaya supuni yosapukuta, kaya winawake anakuthandizani musanamupemphe. Ndangowerenga zanuzi mtima wayambanso kuwawa, chifukwa ine zinandichitikira pamaso pa anthu, ndipo amene anachititsayo alipo, mpaka lero sanapepese.

Linali phwando la tsiku lobadwa la amuna anga. Ndinati chaka chino keke yokha ayi, ndipanganso chokoleti chothyolathyola chija, chotsekemera koma chamchere pamwamba, choti munthu akaluma kachidutswa kamodzi dzanja lizibwereranso lokha m'mbale. Zonse ndinakonzeratu. Chokoleti chakuda cha koko 70 peresenti magalamu 600, choyera pang'ono choti ndidzalembere mizere pamwamba, maalimondi nditawotcha mu uvuni pa madigiri 170 kwa mphindi pafupifupi 10 n'kuwasiya kuti azizire, mapretzel, timabisiketi touma tamchere tija, nditawaphwanya ndi manja, tizidutswa ta kalameli wolimba, ndi mchere wa m'nyanja wopyapyala uja woti ukaufinya ndi zala umangofufutika. Mathireyi nditayala kale pepala lophikirapo makeke.

Ndinachidula chokoleticho tizidutswa ting'onoting'ono, magawo awiri mwa atatu ndinaika m'mbale yagalasi pamwamba pa poto wa madzi otentha koma osabwata, mbaleyo osakhudza madzi. Chitafika madigiri 45 ndinaphula, ndinapukuta kunsi kwa mbale, ndinathiramo gawo lotsala lija n'kumatakasa pang'onopang'ono kuti chitsike kufika pa 31 kapena 32. Amene munachitapo mukudziwa kuti apa pamafunika kudekha, dzanja limachita kutopa. Ndipo chikamayandikira pamenepo chimalemererako pang'ono pa supuni, n'kumanyezimira mochititsa kaso. Chinali chitatsala pang'ono kwambiri.

Ndiye mwana anagwetsa tambula pabalaza. Ndinathamanga kukatola magalasi asanaponde. M'khitchini munatsala mlamu wanga, amene anabwera m'mawa akuti kudzathandiza, koma chibwerereni ntchito yake inali kutsegula mapoto n'kumafunsa kuti ichi mwaphika chonchi bwanji. Pobwerera ndinamupeza ali ndi kapu m'manja, ketulo ili pambali, akumwetulira. Akuti, "Alamu, ndaona kuti chalimba, ndiye ndathirako timadzi totentha pang'ono kuti chifewe."

Asisi, ine ndinangoti kakasi. Ndinayang'ana m'mbale muja ndikuona ndi maso angawa kunyezimira kuja kukutha, kuyambira pakati pomwe anathirapo kumafalikira m'mbali. Iye akutakasa mwamphamvu, chokoleti chikumka chilimbiralimbira, chikukakamira ku supuni, mpaka chonse chinangokhala ngati mchenga wonyowa. Supuni inaima yokha pakati. M'mphepete mwa mbale munayamba kutuluka timafuta tonyezimira tosiyana ndi zinazo. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, iye wanyamula mbale ija, wakhuthulira zonse mupoto wouma, waika pamoto mwachindunji, akuti chingofunika kutenthetsanso. Sipanatenge nthawi fungo lopserera linadzaza nyumba yonse, lowawa lija lokhala pakhosi. Magalamu 600 onse, kupita. Ndiye atembenuke andifunse kuti, "Koma chokoleti chimenechi n'chenicheni? Anakuberanitu kumene munagulako."

Mpaka pano ndikalemba mawu amenewo manja amanjenjemera. Chokoleti chinalibe vuto lililonse. M'chokoleti mulibe madzi, muli mafuta a koko amene anyamula tinthu touma tosalala kwambiri, ufa wa koko ndi shuga. Madzi ochepa akalowamo, shuga uja amanyowa, tinthu tija timayamba kumatana n'kupanga mibulu, ndipo mafuta sathanso kutiyendetsa. Moto sungabwezeretse zimenezo, umangopsereza. Ndinayesa kumufotokozera, iye akungogwedeza mutu kuti iye wakhala akuphika kuyambira kale ndipo chilichonse cholimba chimafewa ndi madzi.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ayi ndithu. Ndinatsala ndi choyera chija komanso kachidutswa ka chakuda komwe ndinasunga padera. Ndinati bola kathireyi kamodzi kakang'ono anthu alaweko. Ndinasungunula mosamala, pakuti choyera ndiye sichichedwa kupsa, ndinayala, ndinawaza zonse zija, mchere pamwamba, n'kusiya patebulo kuti chigwire chokha. Ndinapita kukasamba. Mlamu yemwe uja, poona kuti chikuchedwa, anatenga thireyi n'kuilowetsa mufiriza, yosavindikira, pafupi ndi nsomba. Alendo atafika anaitulutsa yekha n'kuiika patebulo m'chipinda chotentha chodzaza anthu. Chokoleti chinayamba kuchita thukuta. Mchere wanga wokongola uja unasungunuka n'kusiya timadontho, mapretzel anafewa, pamwamba ponse panayamba kunanda, ndipo ukachiyandikitsa kumphuno kafungo ka nsomba kanali kumveka. Chokoleti chimakoka fungo la chilichonse chomwe chili pafupi, mafuta aja ndi amene amachita zimenezo.

Kenako aimirire pagulu, apongozi anga ali pomwepo, anene kuti, "Ichi apanga ndi alamu angawa, akuphunzira kumene, tiwalimbikitse." Anthu kuseka. Ine nkhope kutentha, kufuna pansi patseguke. Usiku ndikudandaula, bambo a kunyumba akuti ingozisiya, mchemwali wanga amangofuna kuthandiza. Kuthandiza! Thandizo lanji loti munthu sunamufunse, waononga, kenako mlandu wausenzetsa mwini wake? Chimene chimandipweteka si chokoleticho ayi, koma kuti mpaka lero akakumana ndi anthu amaikamba nkhaniyi ngati nthabwala, iye ali wopulumutsa zinthu.

Basi, ndisakutopetseni, tibwere ku zanu.

Chimene chaundanacho musataye ngati sichinapserere. Kukhala chothyolathyola ndiye sichingathekenso, iwalani. Koma tenthetsani kirimu, muzithira supuni imodziimodzi mukutakasa, mudzaona chikuyamba kumasuka mpaka kusalala. Ngakhale madzi otentha amagwira ntchito, bola akhale okwanira kusungunula shuga yense uja. Inde, ndikudziwa kuti ndangomaliza kutukwana munthu chifukwa cha madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti madontho ochepa amamanga, madzi ambiri amamasula, koma chimene mupeze pamenepo ndi sosi wothira pa keke kapena pa ayisikilimu, sichidzaumanso n'kumathyoka. Mukathira kirimu wolemera mofanana ndi chokoleticho mupeza ganache, phala losalala la chokoleti, muziziritse, muumbe timipira, mugubuduze mu ufa wa koko. Palibe adzadziwe kuti inali ngozi.

Pokayambiranso, chilichonse chikhale chouma gwa. Mbale, mpeni, bolodi lodulirapo, manja. Supuni yamtengo isiyeni, imasunga chinyezi mkati, tengani yachitsulo kapena spatula ya silikoni. Musavindikire mbale, nthunzi imasonkhana kuchivindikiro n'kudonthera mkati. Madzi a mupoto akangoyamba kuwira zimitsani moto, kutentha kotsalako n'kokwanira, pakuti mafuta a koko amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34 basi, n'chifukwa chake chimasungunuka m'kamwa. Kapena gwiritsani ntchito microwave, masekondi 20 kapena 30, kutulutsa, kutakasa, kubwezanso, osadikira kuti chioneke chosungunuka chonse chifukwa chimasunga maonekedwe ake chikupsa mkati. Kumeneko kulibe nthunzi n'komwe.

Za kutuwa zimene mwafunsa kumapetoko, kuti ulendo wina chinauma koma mawa lake chinachita mizere yotuwa mbuu, si nkhungu, musachite mantha, chimadyeka. Mafuta a koko akamauma amatha kugwirana m'njira 6 zosiyana, ndipo imodzi yokha, yachisanu, ndi imene imapereka kunyezimira ndi kaphokoso kaja kakuti khwa mukathyola. Mukangosungunula chonse n'kukhuthula chikadali chotentha, mafuta amagwirana mwachisawawa, ena amakwera pamwamba n'kutuwa, ndipo chimafewa mukangochigwira. N'chifukwa chake timasunga gawo limodzi mwa atatu losasungunula n'kuthira pamapeto. Tizidutswa timeneto tinagwirana kale bwino kufakitale, ndiye timatsogolera zinazo. Chakuda muchiyale chili pa 31 mpaka 32, chamkaka pa 29 mpaka 30, choyera pa 28 mpaka 29. Ngati mulibe themomita, pakani pang'ono pa mpeni wouma n'kuusiya pambali. Chikauma m'mphindi 3 mpaka 5 chili chosalala, khuthulani msanga. Chikakhalabe chonyowa, pitirizani kutakasa. Tizidutswa tikakana kusungunuka tichotseni, musabwezere mbale pamoto nthawi yaitali, mungaphe ntchito yonse.

Kutuwa kwina ndi kuja kwa mlamu wanga, kochokera ku chinyezi. Thukuta lija limasungunula shuga wa pamwamba, likauma shugayo amatsala woyera, wokhakhala mukapitsa chala.

Poyala musachite chokhuthala kwambiri, theka la sentimita ndi lokwanira. Chikanenepa chimavuta kuthyola ndipo kutsekemera kumaposa mchere. Gogodani thireyi patebulo kuti mpweya utuluke. Zolemera ziyambe, mtedza ndi mapretzel, muzidinikize pang'ono kuti zimire theka, apo ayi pothyola zizingogwa. Mtedza ukhale utazizira, wotentha umasungunula malo ake n'kusiya zipsera zotuwa. Zipatso zikhale zouma zokha, mphesa zouma, ma cranberry, khungu la lalanje lophikidwa mu shuga. Zaziwisi musayerekeze, ndi madzi omwe aja.

Mchere ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Wa patebulo wosalala uja musasakanize mkati, susungunuka m'mafuta, umangomwazikana paliponse ndipo chonse chimamveka mchere wokhawokha. Mukufuna wamibulu kapena wopyapyala, wowaza pamwamba, kuti lilime liyambe lakumana ndi kamchere kenako kutsekemera kubwere pambuyo. Mchere umachepetsanso kuwawa kwa koko, n'chifukwa chake umagwirizana kwambiri ndi chakuda. Dikirani chiyambe kugwira m'mbali koma pakati pakadali pomata, muwaze dzanja lili m'mwamba kuti ubalalike. Mukawaza chikadali chamadzimadzi umamira osaonekanso, mukachedwa sugwira. Ndipo kumbukirani kuti mapretzel ndi mtedza wogula zimakhala kale ndi mchere wake, lawani kaye. Theka la tiyisupuni pa thireyi yonse nthawi zambiri limakwana.

Firiji ndimadana nayo chichokereni tsiku lija, ndipo ngati nyumba yanu ili yozizirirako, cha m'madigiri 18 mpaka 20, chisiyeni patebulo chiuma chokha. Koma kunena zoona kukatentha palibe kuchitira mwina, chilowetseni mphindi 10 kapena 15 zokha kuti chigwire, mutulutse, muthyole, muike m'kontena yotseka bwino. Ngati mukusungira mufiriji momwemo, potulutsa musatsegule kontenayo mpaka itasiya kuzizira, thukuta lichite kunja kwa kontena osati pa chokoleti. Ngakhale mufiriza chimasungika, bola chokulunga bwino ndipo chidutse kaye mufiriji chisanatuluke panja. Musamuuze mlamu wanga kuti ndanena zimenezi.

Ngati zonse za madigirizi zakutopetsani, pali chokoleti china cholembedwa kuti compound kapena coating, chimene m'malo mwa mafuta a koko anaikamo mafuta ena a zomera monga a njere za kanjedza. Chimenecho mumangosungunula, kuyala, chauma chonyezimira, popanda themomita. Kukoma kwake sikufika pa chenicheni, chimasiya kautoto kumkamwa, koma mukachulukitsa mtedza, kalameli ndi mchere ana sadziwa kusiyana, ngakhale akuluakulu ambiri. Ma chips a chokoleti aja opangira mabisiketi ndiye amavuta, anapangidwa kuti asataye maonekedwe mu uvuni, akasungunuka amakhala olemera. Zikatero thirani kasupuni ka mafuta ophikira opanda fungo kapena a kokonati, osati madzi, osatinso majarini kapena batala, chifukwa zimenezo zili ndi madzi mkati.

Chomaliza, tsekani chitseko cha khitchini. Aliyense wobwera ndi mawu akuti ndikuthandizeni mumupatse mbale akatsuke kunja. Ngakhale kuti pa nthawi yowaza ija mufunikadi munthu wachiwiri, chifukwa chokoleti chotenthetsedwa bwino sichidikira, mukamayala mbali ino mbali inayo yayamba kale kugwira. Ndiye pezani mwana womvera, mumuike mbale ya mtedza m'manja, mumuuze kuti asakhudze china chilichonse. Ketulo ibiseni. Ndipo zogwera pansi musapatse galu, chokoleti chakuda chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa theobromine ambiri, chimamudwalitsa koopsa.