Zodya ulere ku Google n'zoona, koma funsani kaye za chipatala ndi penshoni

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti ku Google ndi ku Facebook antchito amadya ulere, komanso ngati zoterezi zikufikani mukavomera ntchito ya pa intaneti imene kampani yakunja yakulonjezani muli konkuno ku Area 25.

Zodya ulerezo si bodza. Ku likulu la Google ku Mountain View, m'dera la California, kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero salipira. Kuli malo olimbitsira thupi, ndipo mabasi a kampani amakatenga anthu ku San Francisco, WiFi ili momwemo kuti laputopu isapume panjira. Koma taganizani, munthu wodyera kuntchito katatu amaweruka nthawi yanji? Ife 5 koloko ikangokwana tili pamzere wa minibasi ku Depoti, anzathuwo akudikira mgonero pa desiki. Ndi nyambo imeneyo.

Zaulere sizichedwanso kutha. Mu 2022 Meta, eni ake a Facebook, anasiya kuchapira antchito zovala, ndipo mu November chaka chomwecho anachotsa anthu 11,000. Google nayo inachotsa 12,000 mu January 2023.

Chuma chenicheni kumeneko chili m'masheya, magawo a umwini wa kampani amene antchito amapatsidwa. Sakupatsa tsiku limodzi ayi, amachita kukudonthezera, kawirikawiri kwa zaka 4, ndipo ukachoka msanga otsalawo wataya. Ku Amazon chaka choyamba umalandira 5 peresenti yokha, chachiwiri 15, kenako 40 ndi 40. Mbuzi yomangidwa chingwe chotere ingapite kuti? China ndi inshulansi ya chipatala, poti ku America kudwala kamodzi kokha kumatha kukusiya pa ngongole.

Tsono za inuyo. Werengani kalata yokulembani ntchitoyo bwinobwino. Ngati alemba kuti ndinu "contractor", dziwani kuti ndinu waganyu basi, ngakhale malipiro atakoma chotani. Masheya, tchuthi cholipidwa, chipatala, zonsezo si zanu. Pamene kuno kwathu lamulo limati bwana azikuponyerani 10 peresenti ku penshoni, inu n'kuikapo 5. Mukasiya ntchito muli nayoyo, ndalama imeneyo muzidzisungira nokha, ndiye iwerengereni pa mtengo umene mukawauze. Afunseninso ngati azikulipirani m'madola, paja kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, olandira makwacha tinangoti kakasi. Bandulo agula ndani? Nanga magetsi akathima pakati pa msonkhano, za sola ndi batire ndi za ndani?

Ine ndinagwirirako kampani ina yakunja chaka chathunthu ndili ku Kawale. Pa Khirisimasi ananditumizira T-shirt ndi kapu yolembedwa dzina lawo, ndinanyadira mpaka kuijambula. February wake mwana anagonekedwa ndi malungo kuchipatala cholipira. Nditawalembera, anandiyankha kuti pepani, achire msanga. Bilu ndinalipira ndi ndalama ya lendi.