Chikumbutso cha Joseph Bazalgette m'mbali mwa mtsinje wa Thames

Mwafunsa kuti ndani munthu wandevu amene nkhope yake ili pakhoma la m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London, pafupi ndi mlatho wa Hungerford, komanso chifukwa chake anamuikira chikumbutso chaching'ono chotero. Ameneyo ndi Joseph Bazalgette, injiniya amene anabadwa mu 1819 n'kumwalira mu 1891.

M'masiku ake zonyansa za m'zimbudzi za mumzindawo zinkathera mu Thames, mtsinje womwewo umene anthu ambiri ankamwa madzi ake, ndipo mu 1853 ndi 1854 kolera inapha anthu oposa 10,000. Nyengo yotentha ya 1858 itafika, fungo la mtsinjewo linanyanya moti ngakhale aphungu, amene Nyumba yawo ya Malamulo ili m'mphepete mwa madziwo, analephera kupirira, n'kuvomereza mwachangu lamulo loti ntchito yochotsa zonyansa mumtsinjewo iyambe. Bazalgette anamanga ngalande zikuluzikulu za njerwa zapansi panthaka, zotalika makilomita pafupifupi 130, zotengera zonyansazo kum'mawa kwa mzinda mothandizidwa ndi mapampu a ku Crossness ndi Abbey Mills. Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu ambiri ankakhulupirira kuti fungo ndilo limafalitsa kolera, pamene chimene chinapulumutsa anthu chinali kutalikitsa zonyansa ndi madzi akumwa.

Kuchepa kwa chikumbutsocho ine sindikuona ngati kumupeputsa, chifukwa khoma limene chinaikidwapo ndi ntchito yake yomwe. Msewu wa Victoria Embankment, pamene pali khomalo, umene unatsegulidwa mu 1870, unamangidwa pamalo pomwe kale panali matope a mtsinje, ndipo pansi pake pamadutsa imodzi mwa ngalandezo pamodzi ndi njanji ya sitima zapansi panthaka.

Amene anaumba nkhope yamkuwayo, imene inaonetsedwa kwa anthu mu 1901, ndi George Blackall Simonds wa ku Reading, tauni ya kumadzulo kwa London, wochokera ku banja lofulula mowa, amene anabadwa mu 1843 n'kumwalira mu 1929. Sikuti zinthu zikuluzikulu zinkamukanika: mkango wachitsulo wa Maiwand, chikumbutso cha asilikali amene anafa pankhondo ku Afghanistan, umene uli ku Forbury Gardens ku Reading, wa mu 1886, ndi ntchito yake, ndipo ku Central Park mumzinda wa New York kulinso chiboliboli chake cha mnyamata wonyamula kabawi padzanja.