Funsani dokotala: Anandidula chifu kuti ndichepe thupi, koma sikelo yaima

Adokotala, ndine mayi wa zaka 42, ndimakhala ku Chilomoni. Miyezi 9 yapitayo ndinapita ku India komwe anandichita opaleshoni yodula chifu, chifukwa shuga ndi BP zinali zitandipanikiza. Ndinkalemera makilogalamu 128, pano ndili pa 99. Koma masabata 7 tsopano sikelo siikusuntha. Nsima ndimadya kosakwana theka la mtanda. Nyama imandikhala pachifuwa, ndiye ndinaisiya. Kuti ndisafooke ku ntchito ndimadalira tiyi, phala ndi kabotolo ka thobwa. Loweruka lililonse ndimayenda wapansi. Kodi chifu chatambasukanso? Achemwali anga akuti ndalama zija ndinangotaya m'madzi.

Mayi, ndalama simunataye. Makilogalamu 29 amene mwatula ndi ofanana pafupifupi ndi ndowa imodzi ndi theka ya malita 20 yodzaza madzi. Achemwali anuwo asenze zimenezo kuchoka kwanu kukafika pamsika, abwere atiuze ngati n'zochepa.

Kuima kwa sikelo kumachitikira pafupifupi aliyense amene wachitidwa opaleshoni imeneyi, ena mpaka kangapo. Thupi limatsika mothamanga miyezi 6 yoyambirira, kenako limayamba kukokakoka, ndipo ambiri amakafika pomwe azikhazikika pakati pa miyezi 12 ndi 18. Chifukwa chake n'chosavuta: thupi la makilogalamu 99 siligwiritsa ntchito mphamvu zochuluka ngati la 128. Komanso thupi likaona kuti chakudya chachepa limayamba kuumira, ngati mayi wa pakhomo mwezi wa Febuluwale ufa ukayandikira pansi pa thumba. Njala imene inasowa mutangochoka kuchipatala nayo imabwerera pang'onopang'ono. Homoni yodzutsa njala, yotchedwa ghrelin, imapangidwa kwambiri kumtunda kwa chifu komwe anachotsako, n'chifukwa chake miyezi yoyamba munkaiwala ndi kudya komwe.

Za kutambasuka: pa opaleshoni yodula chifu yotchedwa sleeve amachotsa pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100 a chifu, n'kutsala kachubu kooneka ngati nthochi. Pakapita nthawi kamakulako pang'ono, ndipo zimenezo n'zoyembekezeka. Koma munthu amene akulephera kumaliza theka la mtanda sindingamukayikire za chifu chotambasuka. Ine maso anga ali pa tiyi, phala ndi thobwa.

Kachifu kanuko kamadziwa kuletsa chakudya cholimba chokha. Zamadzimadzi zimangodutsa ngati madzi mu paipi, osakukhutitsani, ndipo pakangotha ola mwayambanso kufuna china. Ndikafunsa odwala kuti dzulo adya chiyani, ambiri amatchula nsima ndi ndiwo basi. Tiyi wa mmawa, wa 10 koloko ku ofesi ndi wa madzulo sawerengedwa, chonsecho kapu iliyonse yalandira masupuni atatu a shuga. Ndiye masupuni 9 amenewo. Onjezerani wa m'phala, onjezerani wa m'thobwa, amene simunaone n'komwe pothira. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lokha lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni a tiyi 8. Kwa inu amene munapita ku India chifukwa cha matenda a shuga, apa mpamene pakudontha denga.

Musandikhulupirire ine ayi. Gulani kope, mulembe chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku 7, ngakhale kachidutswa ka mandasi kamene mnzanu wakunyemerani, ngakhale mtedza wongotola podikira minibasi. Lamulungu madzulo muwerenge nokha.

Chachiwiri ndi nyama imene munaisiyayo. Munthu wochitidwa opaleshoni iyi amafunika magalamu 60 mpaka 80 a zomanga thupi patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, ndiye mukuona kuti ulendo wake ndi wautali. Zomanga thupi zikaperewera, thupi limadya minofu yake yomwe, ndipo minofu ndi imene imatentha chakudya ngakhale mutagona. Minofu ikatha, sikelo imaima, inu n'kumafooka, n'kumathamangira thobwa uja. Nyama yomwe imakhala pachifuwa kawirikawiri ndi youma: kanyenya, yokazinga, chidale cha nkhuku chowotcha. Yesani yogaya kapena yobwatitsa mpaka kufewa, chambo chophika ndi msuzi, usipa wophika bwino, mazira owiritsa, nyemba, nandolo, soya pieces, chambiko wopanda shuga.

Apa pali chinthu chimene Amalawi chimativuta kumva. Tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo ndi zongoperekeza, ndipo mwana wotapa ndiwo zambiri ankamenyedwa padzanja. Inu mutembenuze. Yambani ndi nsomba kapena dzira, pabwere masamba, nsima ikhale yomaliza, mbamu ziwiri kapena zitatu ngati malo atsala. Tafunani mpaka zisalale, mbale imodzi izikutengerani mphindi 20 kapena 30. Musamamwe madzi pakudya. Dikirani mphindi 30 mutatha, koma patsiku akwane lita imodzi ndi theka kapena awiri, pomwa pang'onopang'ono. Mafuta ophikira ndi nsinjiro muziyeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo.

Chimene sindikufuna n'chakuti muyambe kudzimana chakudya. Mukudya kale pang'ono.

Kuyenda kwa Loweruka n'kwabwino, koma kamodzi pasabata sikukwanira. Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pasabata, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu, pa liwiro loti mukhoza kuyankhula koma kuimba ayi. Ku Chilomoni simusowa zitunda, Michiru ali pakhomo pomwepo. Koma chimene ambiri amachidumpha ndi kulimbitsa minofu kawiri pasabata, ndipo sizilira kulipira ku jimu. Khalani pampando n'kudzuka osagwira pena paliponse, ka 10, mupume, mubwereze katatu. Kankhani khoma ndi manja ngati mukufuna kuligwetsa. Nyamulani mabotolo a madzi a malita awiri, limodzi dzanja lililonse. Mukayamba zimenezi sikelo ikhoza kukhalabe pomwepo kwa kanthawi pamene siketi ikukhwefuka, choncho bwerekani tepi ya telala muziyeza m'chiuno kamodzi pamwezi. Pasikelo kwerani kamodzi pasabata, mmawa, sikelo yake yomweyo. Ya mumsewu mu Limbe lero, ya ku famase mawa, zingokudwalitsani mutu.

Simunatchule za mavitamini, ndipo zandidetsa nkhawa. Opaleshoniyi ikachitika, mavitamini ndi a moyo wonse, makamaka B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D. Kufooka mukunenako mwina si njala koma kuchepa kwa magazi. Kayezetseni magazi, shuga wa miyezi itatu amene amamutcha HbA1c, ndi chithokomiro. Mutenge mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa ena amanenepetsa, monga insulin, glibenclamide, prednisolone ndi jakisoni wolera wa Depo. Musasiye nokha, dokotala ndiye aone ngati mlingo uyenera kutsika popeza thupi latsika. Brufen ndi diclofenac zipeweni, zimatha kuyambitsa zilonda m'chifu.

Ngati mukusanza pafupipafupi, ngati ngakhale chakudya chofewa chikubwerera, chilungulira sichikutha, chimbudzi chada bii, kapena miyendo ikuchita dzanzi, musadikire mapeto a mwezi. Pitani ku Gulupu kapena kwa dokotala wa maopaleshoni amene muli naye pafupi, chifukwa nthawi zina kachubu kaja kamapanikizika pena pake, ndipo kuchepa kwa vitamini B1 mwa munthu wosanzasanza kumawononga mitsempha mofulumira.

Mukachita zonsezi kwa miyezi iwiri kapena itatu koma osaona kusintha, pasikelo ngakhale patepi, kaonaneni ndi dokotala pamodzi ndi katswiri wa kadyedwe. Popita musaiwale makalata amene anakupatsani ku India osonyeza mtundu wa opaleshoni, bukhu lanu lakuchipatala, ndi kope lija.