Hita yotenthetsa injini ku Winnipeg: yoyenera ndi iti, ndipo imaikidwa bwanji?

Mayi wina amene anasamukira ku Winnipeg, m'dziko la Canada, wandilembera imelo. Akuti anagula Toyota Corolla ya 2012 yomwe mwini wake woyamba ankayendera ku Vancouver, ndipo chisanu chitangolimba galimotoyo yayamba kuvuta kulira m'mawa, pamene iwo akuthamangira kuntchito. Alamu awo awalangiza kugula hita yotsika mtengo imene imalumikizidwa pa paipi ya pansi ya redieta, ndipo alonjeza kudzawaikira Loweruka. Akufunsa ngati hita imeneyi ndi yoyenera, komanso ngati ndi ntchito yoti munthu angaigwire pakhomo.

Mayi, hita mukufunikadi, koma imene alamu anu anenayo si yoyenera injini yanu. Musanatulutse ndalama, tsegulani boneti masana ndi kufufuza bwinobwino kuseri kwa bampala ndi pafupi ndi batire, chifukwa nthawi zina chingwe cha magetsi cha hita chimakhala chokulungidwa ndi kumangiriridwa pamalo obisika. Galimoto zogulitsidwa m'zigawo za Manitoba (kumene kuli Winnipeg), Saskatchewan ndi Alberta kawirikawiri zimakhala nayo kale, pamene za ku Vancouver, kumene chisanu n'chofatsa, zambiri zilibe. Mukapanda kuchipeza chingwecho, pitani kogulitsa zipangizo mukafunse block heater yopangidwira injini yanuyo, ndipo mutenge nambala ya galimoto imene imatchedwa VIN kuti asakupatseni yolakwika.

Chimene chimavutitsa injini usiku wa Januwale, kuzizira kukafika pa -25°C kapena -30°C, ndi zinthu zingapo zochitikira pamodzi. Oyilo amalimba n'kukhala ngati uchi wogonera pozizira, motero sitata imafunika mphamvu zambiri kuti izunguze injini; batire nayo imakhala itafooka ndi kuzizira komweko; ndipo petulo amavuta kusanduka nthunzi, komanso amamatirira m'makoma ozizira a masilinda m'malo moyaka. Hita imatenthetsa buloko, lomwe ndi thunthu lachitsulo la injini, ndi coolant (madzi oziziritsa injini) imene ili m'kati mwake, kuti pofika nthawi yoliza zitsulo zikhale zofunda. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu: Andrew Freeman wa ku Grand Forks, ku North Dakota m'dziko la America, analembetsa umwini wa hita yotere mu 1949, ndipo yake inkalowa m'malo mwa bawuti imodzi ya pamutu pa injini.

Hita ya pa paipi ya pansi ilibe pampu. Imadalira kuti madzi otentha amakwera okha m'mwamba ndipo ozizira amatsika kudzalowa m'malo mwake, choncho imagwira ntchito pokhapokha njira yochokera pa hitayo kupita mu injini ili yotseguka ndiponso yokwera. Pa Corolla yanu, monganso pa injini zambiri za ku Japan za masiku ano, thermostat, kachitseko kotsegula ndi kutseka njira ya coolant malinga ndi kutentha, ili pamene paipi ya pansiyo imalowera mu injini, ndipo injini ikazizira thermostat imakhala yotseka. Zotsatira zake n'zakuti hita imatenthetsa madzi ochepa a mu paipimo ndi mbali ina ya redieta, pamene buloko ikukhalabe yozizira, inu mutalipira magetsi usiku wonse komanso mutadula paipi yabwinobwino. Alamu anu sanalakwe kwenikweni, chifukwa pa injini zakale zimene thermostat yake ili pamwamba hita yotereyi imathandiza.

Mwayi wanu ndi wakuti kampani ya Toyota inasiya bowo lapadera pa injini imeneyi, cha kumene imalumikizana ndi giyabokosi, lolowetsamo hita yooneka ngati kachitsulo kobulungira kotalika ngati chala. Bowolo silifika m'madzi, motero simukhetsa coolant ngakhale dontho. Injini itazizira, mumapukuta m'bowomo kuchotsa fumbi, n'kupaka kachitsuloko girizi wopititsa kutentha amene amabwera m'paketi momwemo, kenako n'kukakankhira m'kati mpaka kachitsulo kogwirira kamveke kuti kakola. Girizi ameneyu asasiyidwe, chifukwa popanda iye kutentha sikudutsa bwino kupita ku buloko ndipo hita imapsa msanga. Chovuta chokha n'chakuti malowo ndi opanikizika, ndipo munthu amagwira ntchito mofufuza ndi dzanja kuposa kuona ndi maso. Ngati alamu anu anasinthapo oyilo ndi mabuleki, ntchito imeneyi angaithe. Akakwezera galimoto m'mwamba, aikhazike pa zochirikiza zolimba osadalira jeke yekha.

Kwa owerenga amene injini zawo zilibe bowo lotere, hita yake imakhala yolowa m'madzi, ndipo pamenepo ntchito imakula. Pambali pa buloko pali zivindikiro zachitsulo zozungulira zimene zimatseka mabowo otsala popanga injini. Makaniko amakhetsa coolant yense m'beseni, amamenya chivindikiro chimodzi cham'mphepete kuti chipendekeke n'kuchikoka ndi pulayala, akusamala kuti chisagwere m'kati, kenako amasalaza m'mphepete mwa bowolo kuchotsa dzimbiri kuti kampira kotsekera madzi kakhale bwino. Pepala la malangizo limanena mbali imene chitsulo chotenthetsa chiyenera kuloza kuti chisakhudze khoma la silinda, ndiponso mlingo womangira bawuti yake, chifukwa kumanga mopitirira kumathyola chogwirira cham'kati ndipo hita ikhoza kufwamphuka muli paulendo, madzi onse n'kutayikira pamsewu. Ntchito iyi ndimalangiza kuti ipite ku galaja.

Hita zolowa m'madzi zimatha kufa tsiku loyamba pa chifukwa chimodzi, ndicho mpweya wotsalira mu injini. Chitsulo chotenthetsacho chinapangidwa kuti chizikhala chomira, ndipo chikayatsidwa chili m'thumba la mpweya chimapsa m'kanthawi kochepa. Choncho mukathira coolant, lizani injini hita ya m'kati mwa galimoto mutaitsegula mpaka pamapeto, dikirani kuti thermostat itseguke ndi thovu lisiye kutuluka, zimitsani, idikireni izizire, onjezerani coolant, ndipo pokhapo m'pamene mungalumikize ku magetsi. Pa chifukwa chomwechi, zulani pulagi musanalize galimoto m'mawa uliwonse.

Kwathu tinazolowera kuthira madzi a pampopi mu redieta, koma ku Manitoba chizolowezi chimenecho chimang'amba buloko, popeza madzi akaundana amafufuma. Coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amateteza mpaka pafupifupi -37°C, ndipo galimoto yochokera ku Vancouver ndi bwino kuiyezetsa, chifukwa simudziwa chimene mwini wake wakale ankathira. Wosasungunula konse si wabwinonso, pakuti amaundana msanga kuposa wosakaniza. Wokhetsedwayo musamusiye poyera: ndi wotsekemera koma ndi poizoni kwa ana ndi agalu.

Chingwe ndiye mbali imene anthu amaichita mwachisawawa. Chidutse kutali ndi ekizozi, fani ndi lamba wa injini, chimangiriridwe m'malo angapo, ndipo pulagi itulukire kutsogolo pamalo poti boneti isamachitsine potseka. Chingwe chosweka kapena pulagi yodyeka ndi mchere wa pamsewu ndi zimene zimayambitsa moto, n'chifukwa chake m'pofunika kuziyang'ana chisanu chilichonse chisanayambe, komanso kusalumikiza hita galimoto ili m'galaja yolumikizana ndi nyumba. Chingwe chowonjezera chikhale cha mano atatu, chopangidwira panja ndi pozizira. Wokhala ndi mita yoyezera magetsi angayeze pa mano awiri afulati a pulagi: hita ya mawati 400 pa magetsi a mavoti 120 imasonyeza maomu pafupifupi 36, ndipo mita ikapanda kusonyeza kanthu ndiye kuti chingwe chaduka kapena hita yapsa.

Simufunika kuilumikiza usiku wonse. Kuzizira kukafika pa -15°C kapena kupitirira, maola awiri mpaka anayi amakwana, chifukwa kupyola apo kutentha kumene hita ikuwonjezera kumangofanana ndi kumene kukutayika. Hita ya mawati 400 imadya mayunitsi 1.2 m'maola atatu, koma 4.8 m'maola 12, motero kachipangizo koyatsa magetsi pa nthawi yoikika kamabweza ndalama yake mosachedwa. Masoketi a m'malo ambiri oimika galimoto ku Winnipeg amayaka ndi kuzima okha malinga ndi kuzizira, choncho musafulumire kuganiza kuti afa.

Hita ya injini sitenthetsa batire. Popeza galimoto yanu yayamba kale kuvuta, kayezetseni batire sabata yomwe ino, ndipo ngati yatha mugule yokhala ndi nambala yokwanira ya CCA, imene imasonyeza mphamvu yomwe batire imatulutsa kwa masekondi 30 pa -18°C. Onetsetsaninso kuti oyilo ndi wa mlingo wopyapyala umene buku la galimotoyo likunena. Ngati kumene mumagwira ntchito kulibe soketi, zilipo hita za makampani a Webasto ndi Eberspächer zimene zimayaka ndi mafuta a mu thanki ndipo zili ndi pampu yakeyake, koma ndi zodula kwambiri ndipo zimafuna mmisiri wodziwa kuziika. Kwa Corolla ya petulo yokhala ndi batire yamphamvu ndi oyilo woyenera, imene yafika kuntchito injini ili yotentha, maola a shifiti imodzi kawirikawiri savuta.