Kodi a Socialist ku France atha basi, kapena mipando ya mameya iwapulumutsa?

Wowerenga wina wanditumizira imelo kufunsa za chipani cha Parti Socialiste cha ku France. Akuti chipani chomwe munthu wake sanafike ngakhale 2 peresenti pa chisankho cha pulezidenti chingayembekezere chani pa zisankho za mameya za pa 15 ndi 22 Marichi 2026, si kuti changotsala kuikidwa m'manda?

Anzanga, kugwa kuja n'kwenikweni, sindikukana. Mu 2012 François Hollande wa chipanichi anali pulezidenti, pofika 2017 sanayerekeze n'komwe kuimanso, Benoît Hamon yemwe anaimira chipanichi anapeza 6 peresenti yokha ndipo chaka chomwecho a chipanichi anagulitsa likulu lawo la pa rue de Solférino chifukwa ndalama zinawathera. Kenako 2022 Anne Hidalgo anabwera ndi 1.75 peresenti. Ovota awo ena anathawira kwa pulezidenti Emmanuel Macron, ena kwa Jean-Luc Mélenchon wa La France Insoumise yemwe anapeza pafupifupi 22 peresenti.

Koma taonani, mayi Hidalgo omwewo anali atawinanso umeya wa Paris mu 2020, ndipo mzindawu uli m'manja mwa a Socialist chiyambire 2001 nthawi ya Bertrand Delanoë. Ku Nantes kuli Johanna Rolland, ku Rennes Nathalie Appéré, ku Montpellier Michaël Delafosse, Lille nayonso ndi yawo. Chipani cha Macron chomwe chimalamula dziko sichinatenge mzinda waukulu ngakhale umodzi mu 2020. Chifukwa chake sichovuta kumvetsa, munthu akamasankha meya saganiza za nkhani zikuluzikulu za dziko, amaganiza za sukulu ya pulayimale ya mwana wake, chakudya cha kusukuluko, nyumba za lendi yotsika, misewu ndi zinyalala, ndiye ngati meya wazigwira bwino zimenezi amamuvoteranso ngakhale chipani chake chikuchita manyazi kwina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wa a Socialist ndi mizindayi.

Komabe musatengeke ndi za 2020. Chisankho chija chinachitika mkati mwa Covid, ulendo wachiwiri wovota (kumeneko amavota maulendo awiri) unasunthidwa mpaka pa 28 Juni ndipo anthu pafupifupi 6 pa 10 aliwonse sanakavote, zomwe zinapindulira omwe anali kale pampando. Ulendo uno ena mwa mayina omwe anthu amawadziwa kulibe. Martine Aubry anatula pansi udindo wa umeya ku Lille mu Marichi 2025 atalamula zaka 24, ndipo kumbukirani kuti mu 2020 anapulumuka ndi mavoti 227 okha kwa a chipani cha zachilengedwe. Hidalgo naye sakuimanso, chipani chasankha Emmanuel Grégoire yemwe akalimbane ndi Rachida Dati wa mbali yotsutsa, mayi wodziwika kwambiri komanso wosaopa kampeni yaukali.

Vuto lomwe ine likundidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene amavotera. Ku France savotera meya mwachindunji, amavotera mndandanda wa makhansala, makhansalawo ndi omwe amasankha meya. Mndandanda ukapeza 10 peresenti ulendo woyamba uli ndi ufulu wopitirira, ukapeza 5 peresenti utha kuphatikizana ndi wina, ndipo wopambana ulendo wachiwiri amapatsidwa theka la mipando kaye yotsalayo asanagawane. Ku Paris, Lyon ndi Marseille lamulo latsopano la 2025 latsitsa bonasi imeneyi kufika pa 25 peresenti. Tsono mu 2020 a Mélenchon sanalimbikire zisankho zimenezi, pano aika anthu awo m'mizinda yambiri, ku Paris kuli Sophia Chikirou. Akangodutsa 10 peresenti, wa Socialist ali ndi masiku awiri okha oti asankhe chochita. Akagwirizana nawo, ovota apakati omwe sakufuna kumva dzina la Mélenchon amuthawa. Akawakana, mavoti agawika ndipo mzinda utha kupita kwa otsutsa ngakhale anthu ambiri mumzindamo sakuwafuna. Olivier Faure, mtsogoleri wa a Socialist kuyambira 2018, analowa mgwirizano ndi a Mélenchon mu 2022 ndi 2024, ndiye kuwakana lero sikophweka ayi, ndipo chipanicho mkati mwake n'chogawikana pa nkhani yomweyi.

Mwandifunsa maganizo anga, ndiye nawa. Nantes, Rennes ndi Montpellier ndikuona kuti azisunga chifukwa mameya ake akuimanso ndipo anthu amawadziwa. Lille ndi Paris ndiye pali ntchito, ndipo Paris ikapita anthu sadzawerenganso mizinda ina yomwe awina, nkhani idzakhala yoti agwa basi. Koma ngakhale atawina zonsezi musathamangire kunena kuti chipani chadzuka pokonzekera chisankho cha pulezidenti cha 2027, poti mu 2020 anawina chimodzimodzi n'kudzapeza 1.75 ija patangotha zaka ziwiri. Phindu lenileni lili kwina, masenata ku France amasankhidwa makamaka ndi nthumwi za makhansala, ndipo theka la nyumba ya Senate lisankhidwanso mu Seputembala 2026, ndiye mzinda uliwonse omwe ataye mu Marichi udzawadyeranso mipando kumeneko.