Usanapopere mankhwala, ona kaye chimene kantchentcheko kakudya

Mdzukulu wanga, wafunsa za mankhwala ophera timantchentche totuwa timene tachuluka pa mbande zako ku nazale. Ukanayamba wafunsa kuti timeneti tikudya chiyani, pakuti si ntchentche iliyonse yotera pa tsamba imene yabwera kudzawononga.

Mmene wafotokozeramu, kakhoza kukhala kantchentche kosaka kamene akatswiri amakatchula kuti Coenosia attenuata. Kamafanana ndi ntchentche ya m'nyumba koma n'kochepa kwambiri, mamilimita 3 kapena 4 basi. Kakakazi n'kokulirapo, kali ndi mizere yakuda pamimba. Kakamuna kali ndi miyendo yachikasu ndi nkhope yoyera mbee. Kamapezeka kumwera kwa Ulaya, mu Africa ndi ku Asia, ndipo mu 1999 kanaoneka koyamba ku United States, m'nyumba yolimiramo mbewu ku New York.

Kasakidwe kake ndi kamene kangakutsimikizire. Kamakhala duu pa tsamba kapena pa kamtengo, osaseteka kanthu. Kachilombo kakangodutsa mouluka, kamanyamuka nthawi yomweyo, kukagwira m'malere ndi miyendo, n'kubwerera nako poterapo. Apo kamakaboola ndi kamwa, kuyamwa zam'kati, n'kutaya chikhungwa. Kachilombo kongokhala osauluka, kantchentcheka sikakalabadira. Kamadya ntchentche zoyera (tizilombo tating'ono toyera toyamwa madzi a m'masamba), timantchentche toboola njira m'masamba ndi tiudzudzu takuda totuluka m'dothi lonyowa, ndipo nthawi zina kamapha koposa zimene kangadye. Mphutsi zake zimakhala m'dothi, kudya mphutsi za tiudzudzu tija zimene zimatafuna mizu ya mbande. Kukamafunda madigiri 25, dzira limafika pokhala ntchentche pa milungu pafupifupi 4.

Alimi akale ankayamba akhala chete pakati pa mbewu, kuyang'ana, asanagwire chilichonse. Ankatembenuza tsamba, ankafukula dothi ndi chala, ankadziwa kachilombo kotafuna, koyamwa ndi kosaka kanzake. Khalidwe limeneli ndi limene likutayika. Achinyamata a lero mukangoona chouluka, mpope uli kale kumsana, ndiye mumadabwa ntchentche zoyera zikabwerera zochuluka kuposa kale. Zimabwerera chifukwa mankhwala opha chilichonse atha mlenje uja, kantchentche kosaka kaja, pomwe izo zimaswana msanga kuposa iye.

Usade nkhawa, mbande zako sizinapite. Mawa dzuwa likakwera, khala pamenepo mphindi 10. Gwedeza pang'ono mbande imodzi kuti ntchentche zoyera ziuluke, uone ngati totuwa tija tikuzithamangira. Ngati tikutero, tisiye. Chepetsa misampha yomata yachikasu ija, chifukwa imakola mlenje pamodzi ndi owononga. Dothi lisaume gwaa, mphutsi za mlenjeyu zingafe, komanso lisachite chithaphwi. Kupopera kukafunikadi, popera pokhapo pamene pagwidwa kwambiri, mbande zinazo uzisiye kuti kantchentcheka kapeze pothawira.