Ku Spain zina mudzazolowera, koma za maliro ayi

Asisi inu mukupita kukagwira ntchito yosamala agogo ku Valencia, mwandikumbutsa zowawa mpaka manja akunjenjemera ndikulembamu. Zoti nkhomaliro amadya cha m'ma 2:30 masana ndipo chamadzulo mpaka 10 koloko usiku, zopsopsonana masaya onse awiri ndi munthu amene mwangokumana naye, zoti mwana amayankhula ndi nkhalamba ngati mnzake wosewera naye, zimenezo musade nazo nkhawa mudzazolowera. Ngakhale phokoso, poyamba mumaona ngati akukangana pomwe akungocheza basi. Ine chimene chinandipweteka ndi maliro.

Ndinkagwira ya interna, kugona konko m'nyumba ya agogo ena odwala miyendo. Foni inalira m'mawa ndikuwasambitsa, achimwene kumudzi ku Dedza, akuti amayi atisiya usiku. Ndinangokhala pansi m'bafa momwemo, agogo ali pa mpando sopo ali m'mutu akundifunsa qué pasa qué pasa, kuti chachitika n'chiyani, ine mawu osatuluka. Ndinadzuka n'kumaliza kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala ndi khofi wawo wamkaka, misozi ikugwera pa thireyi. Masana kunabwera mwana wawo wamkazi amene amandilipira uja. Anandikumbatira ndithu, "lo siento mucho, guapa", kundipepesa m'chiyankhulo chawo, ndiye pomwepo asanandisiye n'komwe watulutsa foni akuyang'ana kalendala, akuti nanga Loweruka amayi akhala ndi ndani poti ife tili ndi ulendo wa kunyanja. Amayi anga ali m'mochale iye akuwerenga za kunyanja!! Lamulo lawo limapereka masiku 2 a maliro, 4 ngati pali ulendo, tangoganizani kuchoka Valencia kupita Madrid, kukwera ya Addis Ababa, kutsika pa Kamuzu kenako minibasi mpaka Dedza, masiku 4 akwana chani. Nditapempha owonjezera anandiyankha kuti pita koma ukamabwera sindikulonjeza kuti malo udzawapeza. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali pa ntchito imeneyo, ana kumudzi fizi ikuchokera pomwepo. Sindinapite. Amayi anga ndinawaika m'manda pa vidiyo ya WhatsApp ndili kukhitchini, voliyumu yotsitsa chifukwa agogo anali akugona masana, amayi a Mvano akuimba netiweki ikudukaduka. Masana amenewo palibe anabwera kudzakhala nane pansi olo kwa ola limodzi. Kwathu ukafedwa suphika, sutunga madzi, anthu amagona pakhomo, adzukulu ali kumanda, chipepeso chikulembedwa m'kope. Uku ndinaphika mpunga wa agogo tsiku lomwelo.

Mayi ameneyo sindinamukhululukirebe, ndinene zoona. Munthu amene ankanditchula hija, kutanthauza mwana wanga, kundipatsa majuzi ake akale, kumauza anzake kuti ndine wa m'banja. Wa m'banja wanji woti mayi ake atamwalira mukumufunsa za Loweruka? Kenako ndinadzaona kuti ndi mmene amachitiranso okhaokha, munthu akafa lero amapita naye ku tanatorio, nyumba yochitira maliro, abale amakhala pa mipando yofewa ena akumwa khofi pa kafiteriya pomwepo, mawa lake aika kapena awotcha, mkuja aliyense ali ku ntchito. Komabe zimenezo sizimuchotsera mlandu ayi, akanatha kundifunsa olo dzina la amayi.

Ndiye mverani, musalole kuyamba popanda kontirakiti yolembedwa, akulembetseni ku Seguridad Social, inshuwaransi ya boma ya antchito, kuyambira 2022 antchito a m'nyumba nawonso ali ndi ufulu wa ndalama ya paro, imene boma limapereka ntchito ikatha. Maola 36 opuma motsatizana pa sabata ndi anu, musawapereke chifukwa cha manyazi athu aja oopa kukana wamkulu. Mukangofika pitani ku ayuntamiento, khonsolo ya mzinda, mukalembetse padrón, kaundula wa anthu okhala mumzindawo, popanda imeneyo zambiri sizikuyenderani. Ndipo mtima wanu musawatsegulire, olo akutchuleni hija kangati, si abale anu.

Koma musadzitsekerenso m'chipinda ngati mmene ena amachitira, tulukani muzicheza nawo. Amene anandigwira nthawi imeneyo ndi mayi wina wa ku Bolivia wosamala agogo a pansi pathu, iye anamva msanga chifukwa zinamuchitikirapo, anabwera usiku ndi supu tinalira limodzi pa masitepe. Ndipo agogo amene ndinkawasamala aja, a ku Spain enieni, ndi amene anatuma mdzukulu wawo kwa ansembe kuti dzina la amayi anga litchulidwe pa Misa ya Lamulungu, tinapita limodzi ndikuwakankha pa njinga yawo. Lowani m'magulu a ku parishi, muzipita pa bala ya pakona kukamwa khofi m'mawa, akakudziwani ambiri ndi anthu abwino zedi. Komanso kuyambira mwezi woyamba muziika padera ndalama ya tikiti yobwerera, osaikhudza olo kumudzi alire bwanji za feteleza.